Foni m'manja, madzi pakhomo

Pa Sabata la pa 11 Malichi 2023, ambirife a m'chigawo cha kum'mwera tinapita kutchalitchi chenjezo lili kale m'thumba. Linali litatuluka masiku angapo m'mbuyomo kuchokera ku nthambi ya boma yoona zanyengo, ndipo linazungulira m'magulu a WhatsApp a mabanja, a kwaya, a Dorika ndi a makolo a kusukulu. Linkati namondwe wotchedwa Freddy akubwereranso kumtunda kudzera ku Mozambique, kugwa mvula yoopsa, choncho amene ali m'malo otsika ndi m'mphepete mwa mitsinje asamuke. Tinawerenga. Ena tinayankha ndi kachithunzi ka manja opemphera. Kenako tinatsitsa chala n'kupita pa uthenga wotsatira, umene mwina unali wa chopereka cha msonkhano wa misasa, mwina wa mlongo wogulitsa mazira.

Usiku wa tsiku lomwelo namondweyo anafika kumtunda pafupi ndi mzinda wa Quelimane. Anali atayenda ulendo wautali. Anayambira kufupi ndi Australia kumayambiriro kwa Febuluwale, nawoloka nyanja yonse ya India, nagunda Madagascar pa 21 Febuluwale ndi Mozambique pa 24, kenako n'kubwerera kunyanja kukatenganso mphamvu. Anakhala masiku 36, ndipo bungwe loona zanyengo padziko lonse linatsimikiza pambuyo pake kuti palibe namondwe wina wodziwika amene anakhalitsa chotero. Lamlungu usiku, kuchera Lolemba, phiri la Soche linagumuka, ndipo matope, miyala ndi mitengo zinatsikira m'nyumba za ku Chilobwe anthu ali m'tulo. Mapiri anagumukanso ku Chiradzulu, ku Mulanje ndi ku Phalombe, pamene ku Chikwawa ndi ku Nsanje madzi anadzaza midzi. Pa 13 Malichi mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, Lazarus Chakwera, analengeza kuti maboma a kum'mwera ali pa ngozi yaikulu. Mitembo imene inapezeka inaposa 670, anthu ena oposa 500 sanaonekenso, ndipo oposa 600,000 anasiya nyumba zawo.

Sitikulemba izi pofuna kutokosa chilonda cha amene akulirabe. Mvula imabwera chaka ndi chaka, ndipo tsiku lina foni idzaliranso pakati pa usiku. Tikufuna tione bwinobwino zimene kachipangizo kameneka kanatichitira masiku amenewo, zabwino ndi zoipa zomwe, ngozi ina isanatipeze.

Chenjezo linafika, koma linathera m'foni

Akuluakulu akukumbukira Napolo wa ku Phalombe wa mu Malichi 1991. Nthawi imeneyo wailesi inali imodzi, ya MBC, ndipo amene anali ndi abale kumeneko ankadikira munthu wochokera komweko kuti amve ngati kwawo kwatsala wamoyo. Mu 2023 zinali zosiyana. A zanyengo ankalemba pa tsamba lawo la Facebook kumene namondwe wafika ndi kumene akulowera, ndipo nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA inkabwereza chenjezolo. Palibe amene anganene kuti boma linakhala chete.

Nanga bwanji ambiri sanasamuke? China n'chakuti pa masamba a mchezo uthenga uliwonse umabwera wofanana ndi unzake. Chenjezo la imfa limakhala pakati pa nthabwala ndi malonda, zilembo zake zofanana, kaliridwe ka foni kofanana. China n'chakuti mawu oti "samukani" ndi opepuka kuwalemba koma olemera kuwachita. Bambo wa lendi wa ana anayi amafunsa kuti asamukire kuti, katundu amusiyire ndani, ndipo akuba akabwera adzadandaulira yani. Chenjezo limene silitchula sukulu kapena tchalitchi yothawirako lafika theka la njira.

Koma chachikulu n'chakuti anthu amene ngozi imawakonda ndi amene masamba a mchezo sawafika. Agogo a kumudzi ali ndi kafoni ka mabatani, mwinanso alibe. Mayi wogulitsa makala sagula bandulo tsiku lililonse. Amene tili ndi foni ya intaneti tinalandira chenjezo lomwelo kakhumi, m'magulu khumi, n'kumatumizirana tokhatokha, pamene woyandikana nafe nyumba sanalimve ngakhale kamodzi. Uthengawo unkafunika kutuluka m'foni n'kuyenda ndi miyendo, kugogoda pakhomo ndi kunenedwa pakamwa. Apa ambirife tinaperewera.

Pamene foni inakhala mbale

Tisaiwale zabwino, chifukwa zinali zambiri. Mmene kunkacha Lolemba lija, dziko lonse linali litaona zimene zachitika ku Chilobwe, osati kudzera mwa atolankhani okha koma mwa anyamata a komweko amene ankajambula ndi mafoni awo akukumba matope ndi makasu. Zithunzi zimenezo ndi zimene zinadzutsa anthu. Magulu a mipingo anasanduka malo osonkhanitsira ufa, zovala, zidebe ndi mabulangete. Oyendetsa galimoto ankauzana misewu imene yaduka. Ana otayana ndi makolo ankajambulidwa m'misasa, ndipo chithunzi chinkayenda mpaka chitapeza azakhali ku Lilongwe. Abale a ku Johannesburg ndi ku Britain anadziwa zonse tsiku lomwelo, ndipo ndalama zinayamba kulowa pa Airtel Money ndi pa Mpamba thandizo la mabungwe lisanafike m'madera ambiri. A Red Cross, a ADRA ndi mabungwe ena ankalemba pa masamba awo kumene afika ndi zimene zikusowa, kuti ofuna kuthandiza asangounjika chinthu chimodzi pamalo amodzi.

Luso losonkha ndalama pa Facebook tinali titaliona kale mu Januwale 2021, matenda a Covid-19 atavuta kwambiri ndipo zipatala zikusowa mpweya wothandiza odwala kupuma. Mlembi Stanley Onjezani Kenani anapempha Amalawi kuti asonkhe, ndipo anthu a kuno ndi a kunja anapereka. Chimene chinachititsa kuti anthu apitirize kupereka si chisoni chokha ayi. Anthu ankauzidwa poyera ndalama zimene zalowa, zimene zagulidwa ndi chipatala chimene chalandira. Mpingo kapena gulu lililonse lofuna kusonkha pa masamba a mchezo litengerepo chitsanzo: osunga ndalama akhale oposa mmodzi, ndipo malisiti aonetsedwe anthu asanafunse.

Pomwepo n'pamene akathyali amalowera. Tonse tikuudziwa uthenga uja wakuti "ndalama ija mutumize pa nambala iyi". Pa nthawi ya ngozi umavala zovala zina: mwana wanu ali kuchipatala, foni yake yanyowa, tumizani msanga. Mtima wa kholo sudikira. Komabe imbani kaye nambala imene mukuidziwa, kapena funsani munthuyo chinthu chimene wa pabanja yekha angayankhe, monga dzina la mudzi wa agogo ake.

Kandimverere

Makolo anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Pa WhatsApp kandimverereyo alibe nkhope. Amayamba ndi mawu akuti "abale anga, tumizani kwa onse amene mumawakonda", ndipo nthawi zonse ali ndi mlamu amene amagwira ntchito kuboma kapena kuchipatala. Satchula dzina lake, satchula tsiku. Masiku a Freddy tinalandira mauthenga otere ambiri, onena za namondwe wina amene akubwera mawa, za mlatho umene wakokoloka pamene uli chiimire, ndi makanema a zigumula za m'mayiko ena olembedwa maina a mitsinje yathu. Titaunguza m'mafoni athu pambuyo pake, tinapeza kuti nafenso tinatumizako umodzi kapena iwiri. Sitinali ndi cholinga choipa. Tinali ndi mantha, ndipo munthu wamantha akatumiza uthenga amamva ngati wachitapo kanthu.

N'kofunika kudziwa mmene WhatsApp imagwirira ntchito. Uthenga umene uli m'gulu suonedwa ndi wina aliyense wa kunja kwa gululo, ngakhale eni ake a kampaniyo. Zimenezi n'zabwino pa nkhani zachinsinsi, koma zikutanthauzanso kuti bodza likalowa m'gulu la banja lanu palibe dokotala kapena wa zanyengo amene angalione n'kulitsutsa. Wolitsutsa ndinu. Kampaniyo inayesa kuchepetsa liwiro la mphekesera. Kuyambira mu 2019 uthenga sungatumizidwe ku malo oposa asanu nthawi imodzi, ndipo kuyambira mu Epulo 2020 uthenga umene wadutsa kale m'manja ambiri umatumizidwa ku malo amodzi okha pa nthawi. Uthenga wotere umakhala ndi timivi tiwiri pamwamba pake. Timivi timeneto sitikutanthauza kuti nkhaniyo ndi yofunika. Tikungokuuzani kuti amene wakutumizirani si amene anailemba, ndipo mwina sakudziwa n'komwe kumene inachokera.

Wina anganene kuti kuchenjeza mopitirira muyeso kulibe vuto. Lilipo. Banja limene lathawa usiku kawiri chifukwa cha chenjezo labodza, kachitatu limagona. Ndipo mphekesera imapha. Mu 2017 nkhani ya anamapopa inayenda pakamwa, m'maminibasi ndi m'mafoni ku Mulanje, Phalombe, Thyolo, Chiradzulu mpaka ku Blantyre. Anthu osachepera 8 anaphedwa ndi anthu anzawo powaganizira kuti amapopa magazi, ndipo bungwe la United Nations linachotsa antchito ake ku Mulanje ndi ku Phalombe. Ogwira ntchito zachipatala ankaopa kulowa m'midzi ndi zipangizo zawo. Amene anavutika ndi odwala a m'midzi yomweyo.

Tisanatumize uthenga wa ngozi, tiyang'ane ngati uli ndi dzina la amene waulemba, tsiku ndi malo. Ngati ukuti wachokera ku DoDMA, ku Unduna wa Zaumoyo kapena kwa a zanyengo, tsamba lawo la Facebook lili poyera, ndipo kukaona ngati uthengawo ulipo sikutenga mphindi ziwiri. Wailesi nayo ikhala ikunena. Ngati palibe, tiusiye ufere mwa ife. Ndipo tikazindikira kuti tatumiza bodza, tibwerere m'gulu lomwelo n'kunena kuti tinalakwitsa. Kungoufufuta mwakachetechete sikuthandiza amene awerenga kale.

Pali mtundu wina wa uthenga umene umakonda magulu athu a mpingo, ndipo tiyenera kuunena mosabisa. Mitembo isanaikidwe n'komwe, kunayamba kuyenda mauthenga ofotokoza chifukwa chake Mulungu walanga dera lakutilakuti, ndi ena owerengetsa masiku a mapeto a dziko. Timakhulupirira kuti Ambuye akubwera, ndipo sitichita nazo manyazi. Koma amene anafera m'matope aja sanali ochimwa kuposa ife amene tinagona m'nyumba zouma. Ambiri anamanga m'mbali mwa phiri chifukwa n'kumene malo ndi lendi zinali zotsika mtengo. Mayi amene akufunafuna ana ake ali m'gulu lomwelo, ndipo akuwerenga. Lamulo loletsa umboni wonama silinapatule mawu amene tangolandira n'kupititsa.

Kolera ndi mankhwala a m'foni

Freddy anatipeza tili kale pa mliri. Kolera inayamba ku Machinga mu Malichi 2022, inafika m'maboma onse, ndipo inagwira anthu oposa 58,000 n'kupha oposa 1,700. Nayonso inali ndi madokotala ake a pa WhatsApp. Ena ankati kachasu amapha tizilombo ta m'mimba, ena ankati adyo ndi mandimu, ena ankati ogwira ntchito zachipatala ndiwo akufalitsa matendawa, ndipo m'malo ena anamwino anaukiridwa chifukwa cha mawu amenewa.

Ife a Adventist timakonda njira zachilengedwe zosamalira thupi, ndipo pa zambiri timachita bwino. Koma tinene zoona: makala, adyo, mandimu ndi jinja sizichiza kolera. Kolera imapha pochotsa madzi ndi mchere m'thupi mofulumira, moti munthu amene anadzuka bwinobwino m'mawa akhoza kumwalira madzulo. Chopulumutsa ndi kubwezeretsa madziwo msangamsanga. Wodwala ayambe kumwa Thanzi ORS nthawi yomweyo, ndipo apitirize kumwa ali pa ulendo wopita kuchipatala. Ngati paketi palibe, sungunulani masupuni aang'ono 6 a shuga, osadzaza mpaka mulu, ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira mankhwala. Uwu ndi uthenga woyenera kutumiza m'magulu onse, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti suyenda mwachangu ngati wa kachasu.

Zithunzi za omwalira

Kwathu uthenga wa maliro suponyedwa pamsewu. Amatumidwa munthu wamkulu, amafika pakhomo, amakhala pansi, amayamba ndi mawu ena kuti mtima wa wolandira ukonzeke. Amfumu amauzidwa, eni mbumba amauzidwa, kenako ena onse. Sabata ya Freddy mwambo umenewu unakokoloka limodzi ndi nyumba. Zithunzi za mitembo yodzola matope, ina ya ana, ina yopanda chovala, zinayenda m'magulu popanda wophimba nkhope. Panali anthu amene anadziwa za imfa ya m'bale wawo potsegula foni pamzere wa chigayo. Madzi akatayika saoleka, ndipo chithunzi chikatuluka sichibwereranso. Chidzapezeka ndi mwana wa malemuyo zaka khumi zikubwerazi.

Kufunafuna eni ake a mtembo ndi ntchito yofunika, koma ili ndi njira zake. Mukhoza kufotokoza zovala, msinkhu ndi malo amene wapezeka, n'kupereka chithunzicho kwa apolisi kapena achipatala, osati ku gulu la anthu 500.

Palinso thanzi la ife oonera. Munthu amene wakhala usiku wonse akuona makanema a madzi akukokolola anthu sagona bwino, mtima umagunda, chakudya sichilowa, ndipo amene ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi limakula. Ana ndiwo amavutika kwambiri, chifukwa sadziwa kuti kanema amene waonetsedwa kakhumi ndi chinthu chimodzi chomwecho. Kwa iwo phiri likugumukabe. Makolo ambiri anaona ana akuyamba kulira mvula ikangogunda pa malata, ena akuyambiranso kukodza pogona. Mwana wotere safunika kukalipiridwa. Afunika kumva kwa mayi kapena bambo ake, m'mawu osavuta, zimene zachitika ndi zimene banja lakonza kuti likhale lotetezeka. Foni ya akuluakulu isasiyidwe m'manja mwa ana masiku otere. Mu WhatsApp muli malo oletsa zithunzi ndi makanema kudzitsitsa zokha. Mukatseka pamenepo mwateteza maso a ana, bandulo ndi batire nthawi imodzi. Ifenso akuluakulu tikhoza kusankha nthawi ziwiri kapena zitatu pa tsiku zoona nkhani, m'malo mogona ndi foni pachifuwa.

Magetsi akazima

Zonsezi zimadalira batire. Namondwe Ana anali atawononga kale malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, ndipo Freddy atabwera madzi a mu Shire anadzaza zinyalala moti makina a ku Nkula ndi ku Tedzani anaimitsidwa. Mitengo ya magetsi inagwa. M'madera ambiri netiweki inkabwera n'kuchoka. Amene anathera batire poonera makanema Lamlungu analibe choimbira Lolemba, pamene kafoni ka mabatani kamene timakanyoza kanali kakadali ndi moyo, ndiponso kali ndi tochi ndi wailesi.

Netiweki ikafooka, uthenga wamba wa SMS umatha kudutsa pamene kuimba ndi WhatsApp zikukanika, ndipo sudya batire. Ukhale waufupi koma wokwana: tili moyo tonse asanu, tili pasukulu yakuti, lero Lachiwiri m'mawa. Mawu akuti "tili bwino" opanda tsiku amasokoneza akafika mochedwa. Banja ligwirizane za m'bale mmodzi wokhala kutali, kaya ku Mzuzu kaya ku Lusaka, amene aliyense adzamuuza kumene ali, kuti munthu wa batire yotsala pang'ono asaimbire anthu khumi.

Nthawi yokonza zimenezi ndi Okutobala ndi Novembala, kunja kukadali kouma. Kasola kakang'ono kapena power bank, wailesi ya mabatire, ndi jumbo yolimba yosungiramo foni, ziphaso ndi mabuku a kuchipatala, zonsezi mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi zimene zimapulumutsa. Bodi ya mpingo ikhoza kugwirizana kuti pa nthawi ya ngozi gulu la WhatsApp la mpingo lizitsekedwa kuti olemba akhale anthu awiri kapena atatu osankhidwa, ndipo ena onse azitumiza nkhani kwa iwo. Ikhoza kugwirizananso ndi amfumu ngati tchalitchi idzakhale malo othawirako, ndi amene adzasunge makiyi, kuti chenjezo likadzabwera lidzakhale ndi dzina la malo. Madikoni ndi amayi a Dorika amadziwa kale nyumba za okalamba, olumala ndi odwala. Chotsala n'kulemba maina awo ndi kugawana kuti ndani adzapita kwa yani.

Kwathu tinayamba ndi pepala. Titafunsana patebulo kuti ndani akudziwa pamtima nambala ya mnzake, tinapeza kuti palibe, kupatula mwana wamng'ono amene analoweza ya amayi ake. Tinalemba manambala 8, kuphatikizapo ya mkulu wa mpingo, ya amfumu ndi ya azakhali a ku Mzuzu, n'kumata pepalalo mkati mwa chitseko cha kabati, lina n'kuika m'jumbo ya ziphaso. Pansi pa manambalawo pali maina atatu opanda nambala, a anansi athu amene alibe foni, ndipo pambali pa dzina lililonse talembapo amene adzathamange kukagogoda.